Kumasula, kumasuka, kumasulira: zimene ndinaphunzira pa njinga yamoto ya atsibweni ku Rustenburg

Abale anga a ku Malawi, a ku Chipata ndi ku Lusaka, a ku Tete ndi ku Niassa, ndi inu amene muli ku Harare, ku Bulawayo ndi kuno ku Joni, ndiloleni ndiyambe ndi aneni atatu amene timawatchula tsiku ndi tsiku osawalabadira: kumasula, kumasuka ndi kumasulira. Kusukulu tinaphunzira kuti -ul- ndi msintho umene umabweza ntchito yochitika kale. Chimene chinatsekedwa timachitsegula, chimene chinamatidwa timachimatula, mphasa imene inayalidwa timaiyalula, ndipo chimene chinamangidwa timachimasula. Tikachotsa -ul- n'kuikapo -uk-, wochita ntchito uja amasowa: chitseko chatseguka, pepala lamatuka, mfundo yamasuka. Tikawonjezera -ir- pa kumasula, timapeza ntchito ya munthu amene amaima pakati pa anthu awiri osamvana chinenero. Zimenezi ndinaziphunzira m'mabuku zaka zinayi ku Zomba, koma kulemera kwake ndinakumva m'manja mwanga pa miyezi isanu imene ndinakhala ndikukonza njinga yamoto yakale kuno ku Rustenburg.

Njingayo ndi ya atsibweni anga, alongo awo a mayi. Kwathu ku Mchinji mawu akuti atsibweni akadalipo, ngakhale kuti malume, amene anadza ndi Angoni, ndiwo afala. Kuno Atswana amati malome, kotero mawu amenewo sanandivute kulongosola. Anachoka kumudzi mu 1973, ali mnyamata wa zaka 20, atalembedwa ndi Wenela. Anakwera ndege mpaka ku Francistown, kenako sitima mpaka ku migodi ya golide. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu 78 anafa, ochuluka mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo atatsiriza nthawi yawo. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira Amalawi oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Atsibweni sanabwerere. Anasamukira ku migodi ya pulatinamu, anakwatira mayi wa Chitswana, anabereka ana atatu, nakhala mtchona.

Inu Achewa mukudziwa chimene chimatayika mlongo wamkulu akatchona. Iye ndiye mwinimbumba, woimira alongo ake ndi ana awo pa milandu, pa maukwati, pa maliro ndi pa nkhani za minda. Agogo anamwalira mwana wawo woyamba kulibe, chiliza chawo sichinamangidwe mpaka lero, ndipo munda wa kudambo wakhala ukukanganidwa, mfumu ikumafunsa nthawi zonse kuti mwinimbumba ali kuti. Pamene ndinkanyamuka kudzafuna ntchito kuno, mayi anandiuza kuti: "Ukawafune atsibweni ako. Ngakhale asabwere, angolankhula nane pa lamya." Ndinawapeza. Anandilonjera m'Chichewa chomveka bwino, koma atafika pa chiganizo chachinayi anaterereka, nalowa m'Chitswana ndi m'Chifanakalo cha kumgodi. Nditatulutsa lamya kuti tiimbe kumudzi, anandigwira dzanja nati: "Lilime langa lidauma, mphwanga. Ndikamuuza chiyani mlongo wanga, ndipo ndi mawu ati?" Sindinawakakamize.

Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa malata awiri akale, kunali njinga yamoto ya mtundu wa Honda CG125. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1975, akatswiri a kampaniyo atayendera mayiko osauka n'kuona kuti anthu amasenzetsa njinga katundu wolemera, amayenda m'fumbi, ndipo sasintha oilo pa nthawi yake. Anaipangira injini ya silinda imodzi yosavuta kukonza, imene mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo tochokera pansi, kuti ipirire nkhanza zotere. Atsibweni anaigula yogwirapo kale ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anapita nayo kumgodi zaka zoposa 30. Anaiimika mu 2014, pa sitiraka yaikulu ya m'migodi ya pulatinamu imene inayamba mu Januwale n'kutha mu Juni. Miyezi isanu yopanda malipiro inatha ndalama ya petulo, ndipo sitiraka itatha iwo anapuma pa ntchito. Njinga inakhala pomwepo zaka khumi, petulo wotsala ali m'thanki. Msuweni wanga, mwana wawo wamwamuna, anali atagwirizana kale ndi ogula zitsulo zakutha. Ndinapempha kuti adikire miyezi ingapo.

Dzina la mzinda uno limaseketsa munthu wokonda zinenero. Rustenburg, umene unakhazikitsidwa mu 1851 m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg, ndi dzina la Chidatchi lotanthauza mudzi wa mpumulo. Koma phatikizo lake loyamba limalembedwa chimodzimodzi ndi mawu a Chingerezi otanthauza dzimbiri. Njinga ya atsibweni inapeza zonse ziwiri, mpumulo ndi dzimbiri. Pansi pa mzindawu pali mwala umene Hans Merensky anauzindikiritsa mu 1924, ndipo lero South Africa imatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu wa dziko lonse lapansi. Gawo lalikulu la pulatinamu ameneyu limathera m'mapaipi a utsi a magalimoto, kumene limasandutsa mpweya woipa kukhala wosaopsa kwambiri. Njinga ya munthu amene anakumba chitsulo chimenechi moyo wake wonse ilibe ngakhale kachidutswa kake. Kum'mawa kwa kuno kuli Marikana, kumene apolisi anapha ogwira ntchito m'migodi 34 pa 16 Ogasiti 2012. Atsibweni sakonda kukamba za tsikulo, ndipo ine sindiwafunsa.

Ntchito yoyamba inali kumasula, ndipo pafupifupi chilichonse chinakana. Chifukwa chake n'chodziwika kwa amakaniko. Chikuto cha injini ndi thupi la kabuleta n'za aluminiyamu, pamene masikuluu ndi mabawuti ndi achitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pamalo a chinyontho kwa nthawi yaitali zimadyana. Aluminiyamu ndiye amadyeka, natulutsa ufa woyera umene umadzaza mizere ya sikuluu n'kuuma gwa ngati simenti. Pamwamba pa izo sikuluu nayo imachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chimene lachokera. Ndiye sikuluu imagwira nganganga m'bowo lomwe inalowa mosavuta zaka 40 zapitazo. Munthu wosadziwa amawonjezera mphamvu, mutu wa sikuluu n'kunyenyeka kapena kuthyoka, thunthu lake n'kutsalira m'kati. Pamenepo ntchito ya mphindi imodzi yasanduka ya sabata yathunthu.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Masikuluu a mtanda a pa njinga zakale za ku Japan amafanana ndi a Phillips amene timawadziwa, koma si amodzi. Anapangidwa potsata muyeso wa JIS, ndipo ambiri a iwo ali ndi kadontho kamodzi pamutu, pambali pa mtandawo. Sikuludiraivala ya Phillips siikhala bwino m'mtanda wa JIS; ukapotoza mwamphamvu imadumpha, ikumadya m'mbali mwa mtanda mpaka utasanduka dzenje lozungulira. Masikuluu awiri a pa njinga yathu anali atadyedwa kale motero ndi winawake m'zaka za m'mbuyomo. Zinthu ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana muyeso: inu amene munayesapo kulankhula Chichewa cha ku Dedza pa msika wa Soweto ku Lusaka mukudziwa kudumpha kwa mtundu umenewu.

Atsibweni anakokera mpando pafupi tsiku lachiwiri, osalankhula. Tsiku lachitatu anayamba kulangiza. Tinkadonthezera mafuta olowerera pa sikuluu iliyonse m'mawa ndi madzulo, masiku anayi kapena asanu, osaikhudza. Kenako tinkagogoda mutu wake pang'onopang'ono ndi hamala kuti ufa wouma uja usweke. Kwa zokanika tinagwiritsa ntchito sikuludiraivala yomenya ndi hamala, imene ili ndi kachipangizo m'kati kosandutsa nkhonya yolunjika pansi kukhala kupotoza, kotero kuti nsonga imakanikiza ndi kuzungulira pa kamphindi kamodzi, osadumpha. Pa chikuto cha injini tinatenthetsa aluminiyamu wozungulira sikuluu, osati sikuluuyo, pakuti aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, bowo n'kulekerera. Pa kabuleta sitinayandikize moto chifukwa cha petulo ndi timalabala. Tinaimiza m'madzi owira. Ziwiri zodyedwa mitu zija tinazicheka mzere watsopano ndi sowo ya zitsulo. Ndipo lamulo lawo lalikulu linali ili: "Usanamasule, yamba walimbitsa pang'ono. Chitsulo chikamva kuti chingathe kupita kutsogolo, chimalola kubwerera." Kuona maso a nkhono n'kudekha, sikuluu yomaliza inalira kwi! pa sabata yachitatu.

Apa m'pamene galamala ya ku Zomba inandibwerera. Msintho wochitidwa ndi msintho wam'chibisira amaoneka ngati amapasa, koma si amodzi. Tingathe kunena kuti bawuti yamasulidwa ndi makaniko, koma palibe Mchewa amene anganene kuti bawuti yamasuka ndi makaniko, potanthauza kuti makanikoyo ndiye wachita. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango analemba za kusiyana kumeneku mu 1996, ndipo Sam Mchombo anakufotokozanso m'buku lake la galamala ya Chichewa la mu 2004. Msintho wochitidwa umasunga wochita ngakhale sanatchulidwe. Wam'chibisira umamuchotseratu, n'kutiuza mmene chinthu chakhalira. Atsibweni sanawerengepo mabuku amenewa, koma sanasokonezepo aneni awiriwa ngakhale kamodzi. Sikuluu yofewa ankati: "Imasule." Yokakamira ankati: "Isiye, imasuka." Makaniko wabwino amakonza zonse zofunika, mafuta, kutentha, kugogoda ndi nthawi, kenako n'kulola chitsulo kuti chichite mbali yake. Chinenero chathu chinasiyanitsa kalekale ntchito imene munthu amachita ndi ntchito imene munthu amangoikonzera njira.

Ndinazindikiranso kuti pa ntchito imeneyi atsibweni sankaterereka. Pa nkhani za banja Chichewa chinkawathawa, koma pa zitsulo chinkabwera chokha. "Patse sipanala. Basopo, chala! Bawuti imeneyo ndi ya kumanzere." Ndinaseka mumtima, chifukwa mawu amene iwo ankawayesa a kumgodi, ochititsa manyazi pamaso pa munthu wophunzira, ndi omwewo amene ine ndinakula nawo ku Mchinji. Basopo ndi chenjezo la Chiafrikaans, buluku ndi bawuti nazonso zikumveka kuti zinachokera komweko, fosholo inadzera m'Chizulu ndi m'Chifanakalo, ndipo abale athu a ku Zambia akamati kusewenza akutchula mneni wa kum'mwera kuno. Mawu amenewa sanafike kwathu pa ndege okha. Anabwera m'kamwa mwa anthu onga atsibweni, pamodzi ndi mabulangete, mawailesi ndi masutukesi. Monga nsapato ndi kapitawo zinakwera Zambezi kuchokera kwa Apwitikizi, bawuti inatsika sitima ya ku Joni. Nditawauza zimenezi, anandiyang'ana nthawi yaitali nati: "Ndiye kuti kumudzi amati bawuti?" Ndinati amatero, ngakhale ana.

Kabuleta ndi chipangizo chaching'ono chimene ntchito yake ndi kusakaniza mpweya ndi petulo. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya kudzera pa mmero wa kabuleta, ndipo mmerowo ndi wopapatiza pakati. Mpweya ukafika popapatiza umathamanga, mphamvu yake yokankha m'mbali imachepa, ndipo petulo wa m'kambale ka pansi amakokedwa m'mwamba, natuluka ngati nkhungu. Zimenezi anazifotokoza Daniel Bernoulli mu 1738 ndi Giovanni Battista Venturi mu 1797, njinga zamoto kusanaganiziridwe. Kuti petulo apse bwino pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. M'kambale muja muli choyandama chimene chimakankha kasingano kotseka njira petulo akadzaza, monga zimachitikira m'thanki la chimbudzi chamadzi. Petulo amakwera kudzera m'majeti awiri amkuwa: yaikulu, yogwira ntchito njinga ikathamanga, ndi yaing'ono, yogwira ntchito injini ikamalira poima. Bowo la jeti yaing'ono silifika theka la milimita.

Titatsegula kambale tinapeza chikomekome cha mkuyu. Kunja kabuleta inkaoneka bwino, koma m'kati petulo wa mu 2014 anali atauma n'kusanduka utomoni wofiirira wonunkha ngati vanishi, pamwamba pake pali ndere zobiriwira zochokera ku mkuwa. Choyandama chinali chitamatirira, ndipo majeti onse awiri anali otsekeka. Tisanachotse kasikuluu koyezera kasakanizidwe, tinakapotoza mofatsa mpaka katagunda, tikuwerenga mapotozedwe, n'kulemba nambalayo pa khoma kuti tidzakabwezere pomwe kanali. Timalabala tonse tinatichotsa, chifukwa mankhwala otsukira amatitupitsa. Zitsulo tinaziviika usiku wonse, m'mawa n'kuzipopera mpweya m'njira iliyonse. Atsibweni analetsa singano ndi waya wachitsulo: mkuwa ndi wofewa, ndipo ukakuza bowo ngakhale pang'ono, petulo adzachuluka mpaka kale, sungalibwezenso. Tinatenga kaubweya kamodzi ka burashi ya nayiloni. Jeti yaing'ono inatenga masiku atatu. Tsiku lachitatu anaikweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina, nati: "Kuwala kwadutsa."

Pano ndili ndi funso la galamala limene linabadwira pa ntchitoyi. Atsibweni amati kabuleta kameneka, kabuleta kanga katsekeka, ndipo tsiku lina ananena za tibuleta tiwiri ta njinga ya mnzawo. Kwa iwo ka- wa kumayambiriro ndi ka- wa kamwana ndi kambale, ndipo dzinalo analilowetsa m'gulu la Ka-Ti, pakuti chinthucho n'chaching'onodi. Ine ndimati kabuleta yanga, monga kalata yanga, ndipo ndinamvapo amakaniko a ku Lilongwe akuti kabuleta wafa, monga timanenera za kabudula ndi kabichi. Dzina limodzi lobwereka, magulu atatu. Palibe wolakwa pa atatuwa. Aliyense wamvera lamulo lina la chinenero chomwecho. Wina watsata maonekedwe a phatikizo loyamba, wina watsata chizolowezi choponya mayina achilendo m'gulu la I-Zi, wina watsata abale a dzinalo oyamba ndi ka- amene anakhazikika kale m'gulu la Mu-A.

Thanki linali ndi dzimbiri m'kati. Tinathiramo viniga n'kulisiya masiku awiri, kenako tinaponyamo manati odzaza dzanja n'kulikhutchumula mpaka mikono kuwawa, tinatsuka ndi madzi a soda kuti asidi aphedwe, n'kuliumitsa padzuwa msanga dzimbiri lisanayambirenso. Pa paipi yopita ku kabuleta tinaikapo kasefa katsopano. Pa nkhani ya petulo atsibweni anali aukali kuposa pa china chilichonse. Chigubu chimene munakhalapo parafini kapena dizilo anachikana, ngakhale chitatsukidwa. Ndinaona ngati n'kukhwimitsa zinthu kwa ukalamba, mpaka madzulo ena, tikudikira thanki kuti liume, anayamba okha. Ndege ya ku Francistown ija, anatero, idagwa chifukwa mafuta ake adasakanikirana ndi a ndege za mtundu wina. Mnyamata wina wa mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankagona naye chipinda chimodzi ku komponi, anali momwemo, ndipo anali atanyamula bulangete ndi kalata zopita kwa agogo. "Adatiuza kuti tonse tizipita kwathu, pa ndege. Ine miyendo idakana. Ndidati chaka chamawa. Chaka chamawa chidafika ndili ndi manyazi, ndipo manyazi adabala anzake." Zonsezi anazinena m'Chichewa chokhachokha, kwa mphindi zoposa khumi, ndipo mayi anga anali asanazimvepo pa zaka 50.

Moto wa injini imeneyi umadulidwa ndi mapoyinti, tizitsulo tiwiri timene timatsegukatseguka injini ikamazungulira, kuti pulagi ithetheke pa nthawi yake. Tinatipala ndi sandipepala yosalala n'kuyeza mpata wake kuti ukhale pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4. Abale a ku Tete ndi ku Niassa, amakaniko anu amatitchula ndi dzina la Chipwitikizi lakuti platinados, chifukwa kalekale nsonga zake zinkapangidwa ndi pulatinamu. Opanga anasiya kale n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitsulo china cholimba chotsika mtengo, koma dzina linatsala. Choncho pulatinamu amene ndinati mulibe m'njinga ya atsibweni alimo ndithu, koma m'dzina lokha, ndipo m'chinenero cha ku Mozambique. Mawu amasunga zimene chitsulo chinataya.

Msuweni wanga, amene ankafuna kugulitsa njinga, anayamba kumabwera Loweruka. Sadziwa Chichewa kupatula moni ndi zikomo. Atamva bambo ake akubwereza mawu akuti manga ndi masula, anandifunsa tanthauzo, ndipo nditamuuza anawomba m'manja nati m'Chitswana amati bofa ndi bofolola. Ndi msintho womwewo, wochokera kwa makolo amodzi a zinenero za Chibantu, monga Aswahili amanenera funga ndi fungua, ndipo ife tili ndi mfungulo. Kuyambira tsikulo ankafuna dzina la chinthu chilichonse chimene wagwira, ndipo amene ankamuyankha ndi bambo ake, osati ine. Pobwezera masikuluu tinapaka girizi wa mkuwa pa mizere yake, kuti amene adzamasule zaka zikubwerazo asadzavutike ngati ife. Msuweni ndiye anapaka.

Injini inalira pa kuponda kwachisanu ndi chiwiri, inatsokomola utsi wabuluu, kenako inakhazikika: thu, thu, thu. Mvekero umenewu ndiwo unabala mthuthuthu wathu, isithuthuthu cha Azulu, sethuthuthu cha Atswana ndi mudhudhudhu wa Ashona. Makutu a chigawo chonse chino anamva chimodzimodzi. Koma kulira si kutha kwa ntchito. Rustenburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, kotero kabuleta yoyezedwera kugombe imapereka petulo wochuluka. Mboni yake ndi pulagi. Ikatuluka yakuda bii ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikatuluka yoyera mbee, wachepa ndipo injini ikutentha mopyola. Ikatuluka yofiirira ngati mtedza wokazinga, zili bwino. Atsibweni anayeza ndi khutu, akupotoza kasikuluu pang'onopang'ono, ndipo pulagi inawavomereza.

Sindikunena kuti munthu ndi njinga, kapena kuti chinenero ndi petulo. Koma akatswiri a kuiwalika kwa zinenero amasiyanitsa zinthu ziwiri: kutayika kwa mawu ndi kuvuta kwa kuwapeza. Munthu amene anachoka kwawo ali wamkulu, chinenero chitakhazikika kale, kawirikawiri sataya galamala yake. Chimene chimachedwa ndi kutulutsa mawu pa nthawi imene akufunika, chifukwa chinenero chimene amalankhula tsiku ndi tsiku chimafika msanga pakamwa. Atsibweni ankamva zonse zimene ndinkanena, ndi miyambi yomwe. Agwirizanitsi awo sanaphonyepo. Chimene chinatseka njira chinali kusalankhula kwa zaka zambiri, ndi mantha akuti adzasekedwa. Mantha amenewo si opanda maziko. Ife ophunzira timafulumira kuwongola munthu, kumuseka mtchona akati manje m'malo mwa tsopano, kumuuza wa ku Lusaka kuti chake si Chinyanja chenicheni, wa ku Harare kuti akulankhula ngati Mshona. Kuwongola kotere kuli ngati sikuludiraivala yolakwika pa mutu wofewa: umapotoza kamodzi mwamphamvu, munthuyo n'kutseka pakamwa zaka zina khumi. Ngati tikufuna kuti ana ndi adzukulu a matchona a ku Rustenburg, ku Mbare ndi ku Makokoba adzalankhule nafe, tiyambe tawapatsa ntchito yogwira limodzi ndi nthawi yokwanira, kuwongola kudzabwere pambuyo ngati kudzafunike n'komwe.

Lamya anaimba okha, patatha milungu iwiri njinga italira, osandiuza. Ndinamva kwa mayi, amene anati mphindi zoyamba onse awiri ankangolira, kenako anakangana za munda ngati anthu amene anasiyana dzulo. Sizinathe zonse. Mlandu wa kudambo ukadali kwa mfumu, ndipo ena a m'banja akuti munthu amene sanaike maliro a mayi ake alibe pakamwa pa nkhani za mbumba. Mawu awo ali ndi kulemera kwake, ndipo ine sindingawatsutse. Atsibweni atumiza ndalama ya simenti ya chiliza, ndipo akuti adzapita pa basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Dedza, mvula ikatha. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma ngati adzapitadi, ndi iwo okha akudziwa. Msuweni akuti adzawaperekeza, ndipo wandipempha kuti ndidzakhale womasulira pakati pa iye ndi azakhali ake. Njinga tsopano akuyendera ndi iye, bambo ake atamulamula kuti aziiliza kamodzi pa sabata, ndipo akafuna kuiimika nthawi yaitali azitseka petulo ndi kukhuthula kambale ka kabuleta.

Ndisiye mafunso kwa inu, pakuti ndikusonkhanitsa mawu a ntchito ya umakaniko amene madikishonale athu, kuyambira ya David Clement Scott ya mu 1892 mpaka Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, sanawatole mokwanira. Kwanuko sikuluu ikakana kutuluka mumati yatani: yagwira, yakakamira, yauma, kapena pali mneni wina? Kabuleta mumaiika m'gulu liti la mayina? Inu a ku Chipata ndi ku Katete, kodi mthuthuthu ukadamveka, kapena achinyamata a kabaza ali ndi dzina lawo? Inu a ku Angónia ndi ku Lichinga, ndi mayina ati a zipangizo amene munatenga ku Chipwitikizi, ndipo munawapinda motani kuti akhale athu? Ndipo ngati muli ndi wachikulire amene anagwirapo ntchito ku Joni, ku Wankie kapena ku Kopabeluti, mukhale naye pansi ndi chinthu chofuna kukonza, mulembe mawu amene atuluke, mutitumizire pamodzi ndi dera lake ndi zaka zimene anakhala kumeneko.